Windows, Linux kapena Google Drive: titseke pati mafayilo a kuntchito?

M'maofesi ang'onoang'ono muno mu Lilongwe, ngakhalenso m'mashopu osindikiza makalata ku Old Town, kompyuta imakhala imodzi koma manja oigwira ndi ambiri. Onse amalowera pa akaunti ya Administrator, foda ya malipiro ili pambalambanda. Ena amaibisa ndi Hidden, koma mwana aliyense wodziwa kudina View aitulukira.

Kwa ofesi yotere, ine ndimasankha Windows. Choyamba aliyense akhale ndi akaunti yakeyake ya Standard, apo ayi zonse mukuchitazi n'kungotaya nthawi. Kenako dinani kumanja pa foda, pitani pa Properties, Security, Edit. Wa Read amangowerenga. Wa Modify amalemba ndi kufufuta. Wa Full control amathanso kusintha zilolezo za anzake, ndiye imeneyi isiyireni mwini ofesi. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa Deny. Deny imagonjetsa Allow, ndiye mukaiika pa gulu la Users mwadzitsekera panja nokha, poti nanunso muli m'gululo. Chabwino n'kulowa pa Advanced, kudula cholowa chochokera ku foda yaikulu ndi Disable inheritance, kenako n'kuchotsa gululo pamndandanda. Zilolezo za pa Sharing n'zina: zimakhudza okhawo olowera pa netiweki, ndipo zikasemphana ndi za pa Security, zokhwimazo ndi zimene zimagwira ntchito.

Koma zonsezi zimadalira NTFS, njira imene Windows imasanjira mafayilo pa disiki. Mafulashi ambiri amene timagula mutauni amabwera ndi njira zina, FAT32 kapena exFAT, zimene sizisunga zilolezo. Fayilo ikangokoperedwa pa fulashi yotero, loko wake watsala m'mbuyo.

Linux ndimaikonda chifukwa sizungulira. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, ndipo mumaphatikiza manambalawo kwa mwini, gulu ndi ena onse. Mukalemba chmod 700 (chmod ndi lamulo losinthira zilolezo; 7 ndi 4+2+1 wa mwini, gulu 0, ena onse 0) foda ndi yanu nokha. 750 imalola gulu lanu kuona osasintha. Chonde 777 ipeweni, ngakhale wina akuuzeni kuti ndiyo yothetsa vuto msanga, chifukwa imatsegulira aliyense. Pofookera pake, foda imakhala ndi gulu limodzi lokha, ndipo kuti mupatse anthu zilolezo zosiyanasiyana pamafunika lamulo lina lotchedwa setfacl. Pa seva palibe yoiposa, koma mlembi amene anazolowera Word ndi Excel simungamusamutse dala chifukwa cha zimenezi.

Google Drive imathandiza pamene wina ali ku Kanengo, wina ku City Centre. Zilolezo zake n'zitatu basi, Viewer, Commenter ndi Editor, ndipo malo aulere ndi 15 GB. Imadya bandulo, koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi Anyone with the link. Linki ikangogwera m'gulu la WhatsApp, simudziwanso amene akuwerenga. Isiyeni pa Restricted, muziika imelo ya munthu mmodzimmodzi, ndipo akasiya ntchito mumchotse tsiku lomwelo.

Laputopu ikabedwa mu minibasi, zilolezo za Windows ndi za Linux zomwe sizikupulumutsani, popeza wakuba amangozula disiki n'kuiwerengera pa kompyuta ina. Apa pafunika pulogalamu yobisa zonse za pa disiki kuti zisawerengeke popanda kiyi: BitLocker, imene ili mu Windows Pro, kapena LUKS pa Linux. Kiyi wa manambala 48 amene BitLocker imakupatsani wotsegulira disiki ikadzitseka mulembeni papepala, musamusunge mu laputopu momwemo.