Tizitsulo toletsa sinowo kutsetsereka pa masola: ndemanga yochokera ku Calgary, mzinda wa m'chigawo cha Alberta ku Canada

Tizitsuloti ndikutipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Magata a nyumba yathu (ngalande za madzi a mvula za m'mphepete mwa denga) adutsa nyengo yozizira yonse osapindika, koma magetsi amene masola amapanga mu Disembala ndi Januwale atsika, ndipo ogulitsa sanatiuze zimenezi mosabisa.

Anzanga amene mwabwera kumene kuno ku Alberta ndipo mukuganiza zoika masola padenga, mvetsani kaye vuto lake. Madenga ambiri kuno ndi a matailosi a phula okhakhala, ndiye sinowo imakakamira pomwepo n'kumasungunuka pang'onopang'ono. Galasi la sola ndi losalala, komanso poti ndi lakuda limafunda msanga dzuwa likawala. Sinowo yapansi ndi imene imayamba kusungunuka, kamadzi kaja kamachititsa kuti paterere, kenako chibuma chonse chimatsika nthawi imodzi. Ku Calgary zimanyanya chifukwa cha Chinook, mphepo yofunda yochokera ku mapiri a Rocky, imene imatha kukweza kutentha ndi madigiri oposa 10 m'maola ochepa chabe. Sinowo yonyowa si yopepuka ayi. Kyubiki mita imodzi imatha kulemera makilogalamu 300 kapena kuposa, ayezi ndiye amapitirira 900. Gata ya aluminiyamu anaipangira madzi a mvula basi. Kwathu, tisanaike tizitsulo, chibuma chotere chinazula gata ya kutsogolo, n'kukagwera pamasitepe pomwe ana amadutsa popita kusukulu. Gatayo sinandipweteke mtima kwambiri, koma masitepewo.

Tizitsulo tinagulato ndi ta aluminiyamu, topana pa felemu la sola ndi mabauti. Denga saboola, ndipo ichi n'chimene chinandikopa, chifukwa bowo lililonse padenga ndi chiyambi cha kudontha. Timatuluka pang'ono m'mphepete mwa mzere wapansi wa masola, tina timakhala pakati pa mizere. Amisiri anamaliza tsiku lomwelo, ndipo ukaima pamsewu sutiona n'komwe.

Ntchito timagwira. Sinowo imagwa mwatizidutswa kapena kusungunukira pomwepo, madzi n'kulowa m'gata bwinobwino. Phokoso lija lomveka ngati khoma la zidina lagwa linatha. Pofika mu Epulo mmisiri anakwera kukayendera, anapeza mabauti ali chimangire, dzimbiri palibe.

Chimene chandilanda nyenyezi yachisanu ndi ichi: sinowo imene yaletsedwa kugwa imakhala pagalasi. Kale masola ankadziyeretsa okha dzuwa likangotuluka, pano mzere wapansi umakhala wokwiririka masiku angapo, ndipo pa foni, pomwe timaonera magetsi amene masola akupanga, umaoneka ngati wagona. Ogulitsa amati miyezi imeneyi magetsi amakhala ochepa kale, ndipo n'zoona, mu Disembala kuno kumawala maola 8 okha ndipo dzuwa limayenda chamunsi. Ku Alberta magetsi otsala timatumiza ku gridi (mawaya a kampani ya magetsi) n'kumatichotsera pa bilu, ndiye phindu lenileni limabwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Komabe munthu amene walipira ndalama ayenera kuuzidwa asanagule. Vuto lina laling'ono, kukazizira mwadzidzidzi pambuyo pa Chinook, madzi amaundana kuseri kwa tizitsulo n'kupanga mzere wa ayezi umene umachedwa kuchoka.

Ndikanakhala inu sindikanaika denga lonse. Ikani pamwamba pa khomo, pa msewu wa galimoto, ndi pomwe pali mita ya gasi kapena mpanda wa aneba. Mbali imene sinowo imagwera pabwalo lopanda anthu mungaisiye, bola gata yake muiwonjezere zogwirizira. Amene simunaike masola, auzeni amisiri asiye mpata wa matailosi pakati pa mzere wapansi ndi gata, chifukwa mpata umenewo umachepetsa liwiro la sinowo. Tizitsulo muikiretu tsiku lomwe akuika masola, kuitana amisiri kachiwiri ndi ndalama zina.

Musanagule funsani zinthu ziwiri ndipo akuyankheni polemba: ngati denga lanu lingapirire kulemera kwa sinowo imene tsopano izikhala pamwamba, komanso ngati kupana felemu sikuthetsa warranty ya masola anu (lonjezo la kampani lokonza kapena kusintha akawonongeka). Makulidwe a felemu amasiyana, ena ndi mamilimita 30, ena 35 kapena 40, choncho muyeze kaye musanaitanitse.