Fomu ya MNA-SF kwa okalamba othyoka m'chiuno: ndi yothandiza, koma imafuna wofunsa watcheru

Munthu wokalamba akathyoka fupa la ntchafu chakumtunda, pomwe limalowa m'chiuno, aliyense amatanganidwa ndi fupalo ndi opaleshoni, ndipo zoti wodwalayo wakhala akudya motani zimakumbukika mochedwa, mwina bala litayamba kale kuvuta kupola. Fomu ya MNA-SF, imene ndikuiunika pano, ntchito yake ndi kuthandiza namwino kapena dokotala kuzindikira msanga wokalamba amene thupi lake likuperewera zakudya. Ndi chidule cha Mini Nutritional Assessment, fomu ya mafunso 18 imene kampani ya Nestlé inakonza m'zaka za m'ma 1990 pamodzi ndi akatswiri monga Bruno Vellas ndi Yves Guigoz. Yaifupiyi inatuluka mu 2001, inakonzedwanso mu 2009, ndipo ndi ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Imapezeka kwaulere pa intaneti m'zilankhulo zambiri.

Mafunso ake alipo 6 okha ndipo amatha pa mphindi zochepa. Amafunsa ngati munthuyo wachepetsa kudya m'miyezi itatu yapitayi, ngati watsika sikelo, mmene amayendera, ngati wadwala mwadzidzidzi kapena kukumana ndi zosautsa mtima, ngati ali ndi matenda oiwalaiwala kapena ovutika maganizo, ndipo pomaliza amafuna BMI, yomwe ndi kulemera kwa munthu poyerekeza ndi kutalika kwake. Mapointi onse ndi 14. Wopeza 12 mpaka 14 ali bwino, wopeza 8 mpaka 11 ali pachiopsezo, ndipo wopeza 7 kutsika m'munsi ndiye kuti thupi lake laperewera kale zakudya.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri fomuyi ndi chimene anawonjezera mu 2009. Munthu wothyoka m'chiuno sangaime pa sikelo kapena kuwongoka kuti ayezedwe msinkhu, ndipo kumusuntha chifukwa cha nambala chabe ndi kumuwonjezera ululu wopanda phindu. Fomuyi imalola kuti m'malo mwa BMI ayezedwe katumba wa mwendo ndi tepi, wodwalayo ali chigonere: katumba akakwana masentimita 31 kapena kuposerapo munthu amapeza mapointi 3, akachepera sapeza kanthu. Apa mpofunika kuyeza mwendo wabwino, chifukwa wothyokawo umatupa ndipo umanamiza. Ngakhale wabwinowo ukhoza kunamiza ngati munthuyo ali ndi vuto la mtima kapena la impso lotupitsa miyendo. Sindikhutiranso ndi mmene mapointiwa amalumphira, popeza wa masentimita 30 ndi wa masentimita 31 amasiyana ndi mapointi 3 athunthu, chonsecho miyendo yawo ndi yofanana ndithu.

Vuto lalikulu lili pa mafunso awiri amene kuthyokako kumayankhiratu. Kuthyoka m'chiuno ndi matenda adzidzidzi, choncho wodwala aliyense wotere amataya mapointi 2 asanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo sangapitirire 12. Wofunsa akalembanso kuti munthuyo sadzuka pabedi, pomwe dzana lomweli ankayenda yekha, mapointi ena 2 amapita, ndipo wodi yonse imaoneka ngati ya anthu amene ali pachiopsezo. Ena anganene kuti palibe cholakwika pamenepa, chifukwa wokalamba amene akudikira opaleshoni osadya, amene ululu ndi mankhwala zamulanda chilakolako cha chakudya, alidi pachiopsezo. Ndikuvomereza, komabe fomu imene ikuloza aliyense siithandiza namwino kudziwa amene ayenera kumuthamangira choyamba. Ine ndikuona kuti funso la kayendedwe liyenera kuyankhidwa motengera mmene munthuyo analili asanagwe, ndipo wodi yonse izichita chimodzimodzi kuti zotsatira zake zizimveka mofanana.

Palinso nkhani ya woyankha. Okalamba ambiri amasokonezeka mutu atangothyoka kapena atachitidwa opaleshoni, ndipo sangafotokoze molondola za miyezi itatu yapitayo. Fomuyi ili ndi malo oti "sakudziwa" pa funso la sikelo, amene amapereka pointi imodzi, ndipo ndi osavuta kuwasankha munthu akatanganidwa. Kulibwino kufunsa wachibale kapena womusamalira ngati zovala zayamba kukhwepa, ngati mano akuvuta kutafunira, ngati mbale imabwerera ndi chakudya. Wonenepa nayenso amabisika mosavuta, chifukwa BMI ya 23 kupita m'tsogolo imapereka mapointi onse ngakhale minofu itatha kale pansi pa mafuta.

Poyerekeza ndi njira zina, ndimaikondabe. Fomu zina zounikira kuperewera kwa zakudya m'thupi, za MUST ndi NRS-2002, ndi za akuluakulu onse ndipo sizifunsa za kayendedwe kapena kuiwalaiwala, zomwe ndi zofunika kwambiri kwa okalamba. Kudalira kuyeza albumin, puloteni ya m'magazi, nakonso n'kosocheretsa, popeza amatsika chifukwa cha kuvulala ndi opaleshoni ngakhale mwa munthu amene amadya bwino. Sindingabise kuti mwini fomuyi amagulitsanso zakumwa zowonjezera zakudya m'thupi, ndipo wowerenga ayenera kudziwa zimenezo, ngakhale kuti mafunsowo satchula malonda aliwonse.

MNA-SF ndi sefa yoyambira chabe, ndipo siuza munthu chochita akawerengetsa mapointi. Wopezeka pachiopsezo ayenera kuunikidwa mozama ndi katswiri wa kadyedwe, mwachitsanzo motsatira mfundo za GLIM, zimene akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anagwirizana zotsimikizira kuperewera kwa zakudya m'thupi, zomwe zimayang'ananso kuchepa kwa minofu. Malangizo a bungwe la ESPEN, la akatswiri a kadyedwe ka odwala ku Ulaya, okhudza okalamba amati munthu apeze pafupifupi makalori 30 ndi zomanga thupi zosachepera galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, ndiponso kuti wothyoka m'chiuno apatsidwe zakumwa zowonjezera zakudya akachitidwa opaleshoni. Ndingalimbikitse wodi iliyonse ya mafupa kuti izilemba fomuyi tsiku lomwe wodwala wagonekedwa, wachibale ali pomwepo ndipo katumba atayezedwa ku mwendo wabwino, komanso kuti pakhale munthu wodziwika amene aziona ngati chakudya chimene chalembedwacho chikudyedwadi.