Mnzake Mjeremani, mdani Mngelezi: mmene msilikali wa ku Bulgaria ankawaonera

Bulgaria italowa nkhondo yoyamba yapadziko lonse mu 1915, inakhala mbali ya Germany. Poyamba asilikali ake ankawasirira Ajeremani: mizinga yamphamvu, mwambo, chilichonse m'malo mwake. Pofika 1918 chikondi chija chinali chitazirala. Msilikali ali m'ngalande ku Macedonia, nsapato zitatha, buledi wake wosakaniza ndi chimanga, ankangoona Mjeremani akudya bwino n'kumatumizanso kwawo chakudya cha ku Bulgaria komweko. Kenako pangano la mtendere ndi Romania, losainidwa ku Bucharest chaka chomwecho, silinapatse Bulgaria dera lonse la Dobruja lomwe ankalimbirana ndi Romania, komwe anzawo anafera. Ubwenzi wanji umenewo?

Angelezi anali adani, inde, koma chidani cha mumtima chinali chochepa, poti sankalimbirana nawo malo ngati mmene zinalili ndi Serbia kapena Greece. Ku Doiran, dera la ku Macedonia, anaphana koopsa mu 1917 ndi 1918, Angelezi n'kulephera kuthyola mpanda wa asilikali a ku Bulgaria. Koma mu 1936 asilikali akale a ku Britain anaitanira ku London mkulu wa asilikali a ku Bulgaria yemwe anawagonjetsa uja, Vladimir Vazov, n'kumulandira mwaulemu, mbendera zawo ataziweramitsa.