Let's Go kapena Brilliant Diamond, kwa ife osewera tikatopa usiku

Ine si wa gulu lija lowerengetsera ma EV ndi ma IV (manambala a mphamvu za Pokémon) mpaka mbandakucha ayi. Ndimayatsa Switch usiku ndikamaliza zochita, kusewera mphindi 40 mwina ola limodzi, tulo tikandigwira basi ndazimitsa. Ndiye ngati nanunso muli otere ndipo mukuganiza kuti mutenge iti pakati pa Pokémon Let's Go Pikachu ndi Pokémon Brilliant Diamond, ine ndamaliza onse awiri, imvani mmene zinandiyendera.

Onse awiri ndi magemu akale ophikidwanso. Let's Go inatuluka mu November 2018, anaipanga ndi Game Freak eni ake, ndipo ndi Pokémon Yellow ya 1998 ija, dera la Kanto, ma Pokémon 151 oyamba aja kuwonjezerapo Meltan ndi Melmetal. Brilliant Diamond inatuluka mu November 2021, iyi anaipereka kwa kampani ina ya ILCA, ndipo ndi Diamond ya pa DS ya 2006, dera la Sinnoh. Iliyonse ili ndi mapasa ake, Let's Go Eevee ndi Shining Pearl, koma kusiyana kwake n'kochepa musavutike nazo.

Pamene pagona nkhani ndi pa udzu. Mu Let's Go ma Pokémon umawaona ndi maso akuyendayenda, ukafuna Oddish umapita pa Oddish, ukaona Zubat ukumuzemba mwakachetechete. Amene anadutsapo m'phanga la Mt. Moon pa gemu yakale akudziwa chimene ndikunena, masitepe atatu Zubat, masitepe atatu Zubat wina, mpaka kufuna kuponya gemu pansi. Brilliant Diamond inasunga zakalezo, ukuyenda mu udzu kapena mu Mt. Coronet sikirini ingothwanima nkhondo yayamba, iwe sunaifune, ndipo ukakhala ndi ola limodzi lokha umapeza theka lake latha ukungodina batani lothawa kwa Geodude ndi Bronzor. Ma Repel othamangitsira ma Pokémon akutchire ndinagula ambiri kuposa ma Potion ochiritsira, sindikunama.

Koma Let's Go nayo ili ndi chake chotopetsa. Ma Pokémon akutchire sumenyana nawo, umangowaponyera mpira ngati pa Pokémon GO, ndipo ukalumikiza pa TV uyenera kugwedeza Joy-Con, kachowongolera ka Switch kaja, ndi dzanja, Pro Controller siigwira n'komwe. Masiku awiri oyamba zimakoma. Tsiku lachisanu mkono ukuwawa, mpira ukupita kumanzere iwe utaponya kutsogolo, ndiye ine ndinangosiya TV n'kumasewera ya m'manja, kumeneko umaloza n'kudina batani basi. Chinanso, popeza kugwira ndi kumene kumakweza levo, umapezeka wagwira ma Pidgey 20 osawafuna, bokosi lodzaza, kumawatumiza kwa Professor Oak kuti akupatse maswiti. Zimandimvetsa chisoni pang'ono, kaya ndine ndekha.

Pa kumenyana Brilliant Diamond ndi dolo, apa palibe kutsutsana. Let's Go inachotsa ma ability (luso lapadera la Pokémon aliyense) ndi zinthu zogwiritsa Pokémon m'manja, kuswanitsa mazira kulibenso, ndipo Pikachu amene umayamba naye ndi wamphamvu mopitirira, ma gym ambiri amangowasesa yekha. Pa gym yoyamba, ya Brock, asanakulole kulowa amafuna umuonetse wa madzi kapena wa udzu, ndiye kuti gemu ikukuuziratu yankho. Ku Sinnoh zonse zilipo, ma ability, ma berry, mazira, ndipo gemu yonse ili ndi ma Pokémon 493, moti umayamba kuganiza za timu yako ngakhale uli pa ntchito.

Vuto ndi lakuti Brilliant Diamond imakunamiza. Exp. Share, yogawira timu yonse mapointi okwezera levo, siizimitsika, timu yonse imakula limodzi, ma gym 8 onse ndinadutsa osatuluka thukuta, komanso Pokémon akakukonda amapirira nkhonya yoti imugwetse, amatsala ndi HP imodzi kuti iwe usadandaule. Ndiye umafika ku Pokémon League uli ndi matama. Kumeneko zinthu zimatembenuka mosachenjeza, a Elite Four ali ndi matimu okonzedwa ngati a mpikisano, kenako Cynthia, katswiri womaliza. Spiritomb, Roserade, Gastrodon, Lucario, Milotic, ukavutika nawo onsewa n'kupuma kuti ndatha, akutulutsa Garchomp wa levo 66. Ine ndinabwera ndi Ice Beam ndikudziwa kuti ayezi ndiye mankhwala a Garchomp, osadziwa kuti wagwirizira Yache Berry yochepetsa mphamvu ya ayeziyo. Anapirira, anavina Swords Dance kamodzi, Earthquake, timu yanga yonse gwa. Kanayi konse. Kwa okonda mpikisano izi n'zokoma kwambiri ndipo ndikuwamvetsa, koma gemu yonse sinandiphunzitse chilichonse chondikonzekeretsa nkhondo imeneyi, ndinakhala sabata yathunthu ndikungokweza malevo, zomwe ndinazithawa poyamba zija.

Chimene chinandisunga mu Brilliant Diamond ndi Grand Underground. Pansi pa nthaka pamenepo ma Pokémon amaoneka akuyenda ngati mu Let's Go muja, umakumba miyala m'makoma, ndipo ndi kumene ndinapeza Houndoom. Mukasankha Piplup kapena Turtwig poyamba mudzamufuna, chifukwa kumtunda wa moto ndi Ponyta yekha, vuto lomwe lija la 2006 analisiya choncho. Funso langa n'lakuti ngati anatha kuwaonetsa pansi, kumtunda zinawakanika bwanji?

Ma HM, maluso otsegulira njira aja, magemu onse awiri anathana nawo, tiyamike. Ku Kanto Pikachu wako amaphunzira yekha kudula mitengo ndi kuwoloka madzi, ku Sinnoh umadina pa Pokétch, kawotchi ka m'gemumo, Bidoof wakutchire abwera kudzagwira ganyu n'kumapita, sukufunikanso kumunyamula mu timu ngati kapolo. Koma ma TM ophunzitsira Pokémon kamenyedwe katsopano mu Brilliant Diamond amatha ukagwiritsa kamodzi, pamene mu Let's Go ndi ako mpaka kale.

Maonekedwe sinditayapo nthawi, Let's Go ndi yokongola, ukukwera pamsana pa Arcanine kapena kuuluka pa Charizard, pamene Brilliant Diamond anthu ake ndi timitu tikulutikulu timiyendo tifupitifupi, Cyrus mkulu wa Team Galactic akulankhula zowononga dziko lonse iwe ukungoseka. Mumazolowera komabe.

Ngati muli ndi mwana kapena mnzanu pafupi, Let's Go imalola wachiwiri kugwedeza Joy-Con inayo n'kulowa pompo, awiri kumenya mmodzi, chinyengo chenicheni koma kuseka kwake. Ngati munakulira pa DS ndipo nyimbo za Sinnoh zikadali m'mutu, kapena mukufuna nkhondo yoti muganize, tengani Brilliant Diamond, ingokonzekerani Cynthia kuyambira gym yachisanu osati ngati ine. Koma yomwe ndimabwererako ndikatopa ndi Let's Go, pano ndagwira Growlithe wa nambala 23 motsatizana, ndikufuna ndifike 31 kuti mwina wonyezimira, wa kaonekedwe kosowa uja, atulukire, ndipo dzulo mmodzi anangotsala pang'ono kundithawa n'kundidulira tcheni chonse.