Ndalama, majigisi kapena chigumu: kamba wa kusukulu amene anga amadyadi

Amayi anzanga ndi abambo omwe mumalongedzera ana, ine ndayesa njira zonse zitatu ndi ana anga awiri, wina ali sitandade 2 wina sitandade 6, ndiye ndingokuuzani momwe zinandiyendera. Muyeso wanga ndi umodzi basi, kontena ikabwera madzulo ili mbee kapena yabwera ndi katundu wake yemwe uja.

Ndiyambe ndi ndalama poti ndi yomwe ambirife timathawira tikadzuka mochedwa. Kufulumira kwake palibe chofanana nayo, ungopisa m'chikwama mwana uyo wapita. Koma ndalamayo ikafika pageti la sukulu si iwenso amene umasankha, amasankha ndi maso a mwana, ndipo maso a mwana amathamangira fulizesi wofiira ndi maswiti, mandasi amagula pokhapokha njala yamupweteka zenizeni. Wamkuluyu ndinadzamutulukira mochedwa kuti masiku ena sankagula n'komwe, ankasunga kuti akalowe kuvidiyo Loweruka kkkk. China chomwe chinandichotsa mtima ndi kolera uja, mukukumbuka mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha matendawa, kuyambira pamenepo fulizesi amene sindikudziwa madzi ake ndimamuopa. Sikuti amayi ogulitsa pasukulu onse ndi auve ayi, ena amasamala kuposa ife tomwe, koma mwana wa zaka 7 sadziwa kusiyanitsa beseni lovundikira ndi lomwe ntchentche zikuchitapo msonkhano. Komanso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ija, ndalama yomwe inkagula mandasi awiri inayamba kugula limodzi, ana n'kumati amayi onjezerani.

Zam'mapaketi, majigisi mabisiketi ndi juwisi wosungunula, izi nde ana amadya mpaka kunyambita pepala, kontena imabwera yoyera tsiku lililonse. Ukagula bandulo kuholoselo zimatsikako mtengo ndipo sizionongeka ngakhale magetsi azime sabata yonse. Vuto ndi loti m'mimba simukhala kanthu. Wamng'onoyu ankafika kunyumba ali wolusa, kulira pa chilichonse, nsima isanapse wagona pamkeka, ndipo aphunzitsi ake anandiuza kuti ikangodutsa buleki amayamba kusinza. Mchere ndi shuga basi, mwa magulu 6 a zakudya aja amatiphunzitsa kusikelo sindikudziwa kuti jigisi tingamuike pati. Ndiye panopa ndimagula zochepa, za Lachisanu lokha, ngati kamphatso.

Tsono zophika pakhomo, apa mpomwe pali nkhani chifukwa si zonse zomwe zimayenda. Ndinayamba ndi mbatata yowiritsa poganiza kuti ndapeza yankho, yotchipa, yokhutitsa, ndinkachita kusankha yofiira mkati ija ngati Kadyaubwerere kapena Zondeni yomwe ili ndi vitamini A wambiri. Masiku atatu otsatizana inabwerera yonse. Nditamufunsa bwinobwino wamkuluyu anati anzake amamuseka kuti wabwera ndi zakumudzi, ndiye amangotsegula kontena pang'ono n'kutsekanso. Zinandiwawa ndithu koma ndinakumbuka kuti nanenso ndili mwana chinangwa ndinkadyera kuseri kwa kalasi. Mbatata yomweyo nditaiduladula ngati tchipisi n'kuikazinga ndi mafuta pang'ono, kuwaza kamchere, inatha, mpaka anzake omwe ankaseka aja kumapempha. Kungoti kukazinga m'mawa kumafuna moto, ndipo ngati mukuphikira pambaula mukudziwa kuti makala kuti ayake bwino mwana wachedwa kale, pamwamba apo mafuta ophikira mtengo wake si wamasewera.

Zitumbuwa ana amazikonda, nthochi ndi ufa basi, koma nazonso ndi za mafuta ndipo zikagona zimalimba. Nthochinso zinadula chilowereni matenda a chisaka aja omwe anatha minda ku Thyolo ndi Mulanje, zambiri zomwe tikugula mumsika zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ine ndimadikira zomwe zapsa kwambiri zakuda makoko, ogulitsa amatsitsa madzulo.

Nthochi zomwezo ndi zomwe ndimathira mu chigumu, ena amati chikondamoyo, ndipo kwa ine ichi nde chinapambana zonse. Ufa wa mgaiwa, nthochi zofinya, soda pang'ono, shuga pang'ono, mchere, ukakhala ndi dzira kapena mkaka uthiremo, ndipo ine ndimaonjezera nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga kuti chikhale ndi zomanga thupi. Ndimaphika Lamulungu madzulo mupoto, makala pansi makala pachivundikiro, sichifuna uvuni. Chimatifikitsa Lachitatu chili bwinobwino, nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye mpaka Lachinayi, koma mu Okutobala kukatentha musadutsitse masiku awiri chimayamba kununkhira mwina. M'mawa ntchito ndi kungodula basi. Ndipo ndikadula timabokosi tating'ono tooneka bwino mwana amati ndi keke, palibe womuseka.

Dzira lowiritsa limakhutitsa kuposa zonsezi ndipo umaliponya m'madzi a tiyi omwewo, mphindi 10 lapsa. Koma musamusendere, likakhala m'kontena yotseka mpaka buleki fungo lake kalasi yonse imatembenuka ndipo mwana sadzalifunanso. Mupatseni ndi chikoko chake, kamchere mukapepala. Thireyi ya mazira ndi yodula nde kwathu ndi kawiri pa sabata zikayenda. Masiku enawo ndi mtedza wokazinga, wodzaza dzanja limodzi, umakhala sabata m'botolo osaonongeka. Chonde sankhani, wofota wakuda ndi wowawa uja tayani, chuku cha mtedza chimaononga chiwindi ndipo kukazinga sikuchotsa poizoni wake. Kamwana ka kumkaka musakapatse mtedza wathunthu kangatsamwe, komanso sukulu zina zapulaiveti zimaletsa chifukwa pali ana omwe thupi lawo limadana nawo, funsani kaye.

Chakumwa sindivutika nacho, madzi owiritsa m'botolo lake. Thobwa ndinayesa kamodzi, dzuwa litawomba linafufuma m'chikwama chivundikiro n'kuphulika, makope onse phala lokhalokha, mpaka lero buku la masamu lija likununkha chimera. Juwisi wa malambe ndimapanga ndekha apo ndi apo. Zipatso ndimangotsata nyengo, mango kuyambira Novembala, magwafa mvula ikamatha, manachesi a ku Mwanza nthawi yozizira, ndipo manachesi ndi abwino poti mwana amasenda yekha sadetsa yunifolomu ngati mango.

Amene ana anu ali pasukulu yomwe amalandira phala, ngati la Mary's Meals lomwe linayamba kuno ku Malawi mu 2002, nkhani yanu ndi yopepukako. Likuni phala lija ndi chimanga ndi soya, lili kale ndi mavitamini, ndiye chigumu pamwamba pake n'kungobwereza chimanga chomwecho, bola kumupatsa chipatso kapena mtedza ndi kapu yake yotsuka bwino. Mchemwali wanga amatero ndipo sawononga ndalama ngati ine.

Mawa ndi Lachinayi, chigumu chatha lero, mazira atsala awiri. Wamng'onoyu wanena kale kuti lake likhale losaphwanyika chikoko apo ayi sanyamula.