Loboti yosesa pansi: ndemanga yanga nditakhala nayo ndithu

Anzanga angapo akhala akundifunsa ngati loboti yosesa pansi ija ndiyofunikadi kugula kapena ndi zongotayitsa ndalama, nde ndati bola ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndaigwiritsa ntchito nthawi yaitali moti ndikudziwa pomwe imandithandiza komanso pomwe imandigwiritsa mwala. Kunena mosazungulira, ine ndimaikonda ndipo itawonongeka lero ndingagule ina, koma makinawa sanabwere kudzalowa m'malo mwa tsache ndi mopu ayi, ntchito yawo yeniyeni ndi kuletsa fumbi kuti lisaunjikane. Mukaigula mukuganiza kuti basi mwatsanzikana ndi kusesa mpaka kalekale mukhumudwa nayo sabata yoyamba yomwe.

Yanga ndi yapakatikati, si zodula kwambiri zija zobwera ndi chisiteshoni chachikulu (pomwe loboti imakaima kuti ichaje) chodzichapira, komanso si zotchipa zongoyenda mwachisawawa. Ndi yozungulira ngati mbale yaikulu yovundikiridwa, msinkhu wake pafupifupi masentimita 10, pansi pake pali burashi yaikulu yozungulira yomwe imatola zinyalala, kaburashi kena kam'mbali kokankhira fumbi la m'mphepete mwa khoma kuti libwere pakati, kenako mota yokoka mpweya imameza zonsezo kulowetsa m'kabokosi. Batire ikatsala pang'ono kutha imabwerera yokha pa chaja, ikadzaza imakapitiriza pomwe inalekezera. Ili ndi kathanki ka madzi ndi kansalu kokolopera kumbuyo, zimenezo ndizinena pambuyo pake chifukwa ndili nazo mawu.

Chomwe chinandigwira mtima tsiku loyamba ndi kabokosi ka zinyalala kaja. Pansi panali pooneka poyera bwinobwino, posesedwa, koma nditatsegula kabokosiko ndinapeza fumbi lambirimbiri lopyapyala lija, tsitsi, ulusi wa zovala, timchenga tobwera ndi nsapato. Ndiye kuti zonsezi zinali pansi pomwepo tikuziponda osaziona. Ndipo mpaka pano ikayenda sibwera chimanjamanja. Malo omwe imandithandiza kwambiri ndi pansi pa bedi ndi pansi pa sofa, malo oti munthu kuti usesemo uyenera kugwada kapena kusuntha katundu wolemera ndipo kunena zoona ambiri timangowadumpha mpaka tsiku loyeretsa nyumba yonse. Iyo imangolowa nkutuluka. Ngati muli ndi galu kapena mphaka wam'nyumba, kapena muli ndi anthu a tsitsi lalitali lomwe limathothoka tsiku ndi tsiku, apa nde pomwe makinawa amabweza ndalama zake, chifukwa ubweya ukasiyidwa masiku awiri atatu umapanga timipira m'makona ndipo ukangotsegula zenera timayamba kuuluka. China chomwe ndimachiyamikira nchakuti tsache limadzutsa fumbi m'mwamba kenako limadzatera pa matebulo ndi pa mashelefu, pomwe lobotiyi imalikoka nkulidutsitsa pa fyuluta, moti kupukuta mipando kwachepa ndithu kwathu.

Tsopano pa nkhani ya kayendedwe, apa mvetserani bwino chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagula chinthu choti chidzawatopetsa. Makinawa si atsopano ayi. Kampani ya Electrolux inayamba kugulitsa yake yotchedwa Trilobite mu 2001, kenako iRobot, kampani yomwe inayambitsidwa mu 1990 ndi akatswiri a maloboti ochokera ku yunivesite ya MIT ku America, inatulutsa Roomba mu 2002 ndipo ndi yomwe inatchukitsa zinthuzi padziko lonse. Zoyambirira zija zinkangoyenda mpaka kugunda chinthu, nkutembenuka, nkupitanso kwina, poyembekeza kuti pakatha nthawi yaitali zikhala zitadutsa paliponse. Zotchipa zambiri mpaka lero zimayendabe choncho, ndipo m'chipinda chimodzi chaching'ono zimathandiza, koma m'nyumba ya zipinda zingapo zimasesa malo amodzi kasanu kwina osafikako nkomwe, batire nkutha isanapeze njira yobwerera pa chaja. Zabwinoko zimajambula mapu a nyumba. Zina zimagwiritsa ntchito kamera yoyang'ana kudenga ndi m'makoma, zina zimagwiritsa ntchito LiDAR, kaja kotukuka pamwamba komwe kamazungulira nkumaponya kuwala kwa laser kuyeza mtunda wa makoma ndi mipando. Yanga ndi ya LiDAR ndipo ndingakulangizeni yomweyo, imayenda m'mizere yowongoka kuchoka uku kupita uko, imadziwa chipinda chomwe yamaliza, komanso imagwira ntchito mumdima pomwe za kamera zimasokonezeka magetsi akazimitsidwa. Pa foni umatha kuiuza kuti lero ingosesa kukhitchini kokha, kapena kujambula mzere pa mapu kuti apa usadutse. Choipa chake kotukuka kaja kamaiwonjezera msinkhu nde pansi pa mipando ina yotsika imakanika kulowa, nthawi zinanso imalowa nkukanirira momwemo.

Koma abale, chomwe otsatsa malonda sanena nchakuti musanaiyatse inuyo muyenera kuikonzera njira. Chingwe cha chaja ya foni chikagwa pansi imachimeza nkuchikulunga pa burashi, sokosi imodzi yokha imatha kuiyimitsa, zingwe za nsapato, tizoseweretsa ta ana, mphonje za kapeti, makatani ofika pansi, zonsezi ndi adani ake. Ukachoka pakhomo uli ndi chikhulupiriro kuti ukapeza nyumba yoyera, foni imangolira kuti yakodwa, ukabwera ukuipeza ili phee pansi pa tebulo itangosesa kachigawo kochepa. Nde m'nyumba yomwe zinthu zimakhala mbwee pansi nthawi zonse lobotiyi sikuthandizani kwenikweni, nthawi yomwe mukanasesa muzithera kutola zinthu. Kwa ine zinandithandiza mwanjira ina, tinazolowera kusasiya zinthu pansi, koma si nyumba iliyonse ingakwanitse makamaka ya ana aang'ono. Zatsopano zina zili ndi kamera kutsogolo yozindikira zingwe ndi nsapato nkuzilambalala, mwachitsanzo Roomba j7 yomwe inatuluka mu 2021 inatsatsidwa kwambiri pa nkhani yozemba chimbudzi cha agalu, ndipo mukamva kampani ikulonjeza zimenezo dziwani kuti vutolo ndi lenileni: loboti yosaona ikaponda zoterozo imazipaka nyumba yonse ndi matayala ake, ndipo kuitsuka kwake si ntchito yamasewera. Amene muli ndi kagalu kosaphunzitsidwa musamaiyatse inu kulibe.

Pali zina zomwe singathe basi. M'makona enieni sifika bwino chifukwa ndi yozungulira, kaburashi kam'mbali kamayesetsa koma kafumbi kena kamatsala. Masitepe sikwera, ili ndi masensa (tizipangizo tozindikira zomwe zili pafupi) pansi oiletsa kugwa ikafika m'mphepete, nde nyumba yosanja muziinyamula nokha. Masensa omwewo nthawi zina amapusitsidwa ndi kapeti yakuda bii, chifukwa mtundu wakuda umameza kuwala komwe amatumiza ndiye loboti imaganiza kuti ndi phompho nkukana kukwerapo. Chopunthwitsa cha pakhomo chikapitirira masentimita 2 zambiri zimalephera kudumpha. Pa matailosi, pa simenti yosalala ndi pa matabwa imasesa bwino kwambiri, pa kapeti yopyapyala ilibe vuto, koma pa kapeti ya ubweya wautali imangotola zapamwamba, dothi lolowa mkati limafuna makina aakulu okoka fumbi aja ogwira pamanja. Phokoso lilipo, si lalikulu ngati la makina aakuluwo koma imatenga nthawi yaitali kuti imalize nde ukamaonera TV kapena kuyankhula pa foni imasowetsa mtendere.

Za kukolopa nde ndisakunamizeni. Yangayi imangokoka kansalu konyowa kumbuyo, imachotsa kafumbi kotsalira pansi nkuoneka powala, koma china chikatayika nkuuma sichichoka, imangodutsapo. Kansaluko kakada nde kayamba kupaka litsiro m'malo mochotsa, uyenera kukachapa pafupipafupi, ukakaiwala kali konyowa kamanunkha. Zodula zili ndi tinsalu tiwiri tozungulira totikita pansi mwamphamvu ndipo siteshoni yake imachapa nkuumitsa yokha, zimenezo zimachita bwinoko, koma nazonso zimafuna kuti muzithira madzi oyera ndi kutaya akuda, komanso siteshoniyo imadya malo. Ine ndikanakhala ndikusankha pakati pa kulipira zambiri chifukwa chokolopa ndi kulipira chifukwa cha mapu abwino, ndalama yanga ikanapita ku mapu.

Musatengekenso kwambiri ndi manambala a mphamvu yokoka aja amalemba pa katoni ndi chilembo cha Pa. Makampani akupikisana kukweza nambalayo chaka ndi chaka, koma pa matailosi kusiyana kwake sumakuona kwenikweni, chofunika kwambiri ndi mtundu wa burashi komanso ngati loboti ikufika paliponse. Burashi ya labala tsitsi silikulungika kwambiri poyerekeza ndi ya timinga tija.

Nkhani yomwe ndikufuna muiganizire mofatsa ndi ya kasamalidwe, chifukwa makinawa amakusesera koma nawenso umawagwirira ntchito. Kabokosi ka zinyalala ndi kakang'ono, kosafika ngakhale theka la lita pa zambiri, nde m'nyumba ya fumbi kapena ya ziweto ukhuthula pafupifupi ulendo uliwonse. Zilipo zodzikhuthula zokha m'thumba la mu siteshoni, zinayamba kufala Roomba i7+ itatuluka mu 2018, koma matumbawo ndi ogula ndipo nthawi yokhuthulayo imapanga phokoso lodzutsa mwana. Tsitsi limakulungika m'mbali mwa burashi ndi pa katayala kakutsogolo, uyenera kulidula ndi lumo kapena kampeni komwe amaikamo m'katoni, ukalisiya mota imavutika nkuyamba kutentha. Fyuluta imatsekeka ndi fumbi, ikatsekeka mphamvu yokoka imatsika ndipo anthu ambiri amaganiza kuti makina afa pomwe ndi fyuluta chabe. Masensa amafuna kupukutidwa ndi kansalu kouma. Kaburashi kam'mbali kamapindika nkutha. Batire ya lithium nayo imafooka zaka zikamapita monga imachitira ya foni. Zonsezi ndi zinthu zosintha, ndiye funso loyamba musanagule lisakhale lakuti ili ndi mphamvu zingati, likhale lakuti masipeya ake ndingawapeze kuti ndipo batire yake imasinthika mosavuta kapena ayi. Zimandipweteka mtima kuona makina abwinobwino atatayidwa pakona chifukwa chosowa kaburashi kapena fyuluta. Kampaninso zimatha: Neato Robotics, yomwe inali m'gulu loyamba kuika laser pa makinawa, inatsekedwa mu 2023, nde ganizirani munthu amene anagula yawo akudalira kuti azipeza zonse mpaka mtsogolo. Mitundu yodziwika ngati Roborock, Ecovacs, Dreame, Eufy ndi Roomba masipeya ake amapezeka mosavuta kusiyana ndi mayina osadziwika aja ongotulukira pa intaneti.

Palinso za chinsinsi cha m'nyumba mwanu, zomwe ambiri sitiziganizira. Kuti mugwiritse ntchito mapu ndi ndandanda ya nthawi muyenera kuilumikiza ku wifi, zambiri zimangolola mtundu wa wifi wotchedwa 2.4 GHz, ndipo mapu a nyumba yanu nthawi zambiri amadutsa pa makompyuta a kampaniyo. Mu December 2022 magazini ya MIT Technology Review inalemba za zithunzi za m'nyumba za anthu zojambulidwa ndi ma Roomba oyeserera zomwe zinapezeka pa masamba a mchezo, zinali zochokera ku makina operekedwa kwa anthu oyesa osati ogulitsidwa m'sitolo, komabe nkhaniyo inandipangitsa kusankha yopanda kamera. Chaka chomwecho Amazon inalengeza kuti ikufuna kugula iRobot, anthu ambiri anadandaula za komwe mapu a nyumba zawo adzathere, ndipo mgwirizanowo unathetsedwa mu January 2024 akuluakulu oona za mpikisano pa malonda ku European Union atasonyeza kuti sauvomereza. Ngati simukufuna zonsezi mutha kungodina batani pamwamba pake isesa bwinobwino popanda intaneti, kungoti mutaya zina monga mizere yoletsa ija.

Nde ndani agule? Amene nyumba yake pansi ndi posalala, zipinda zili pa mulingo umodzi, muli ziweto kapena tsitsi lambiri, ndipo tsiku lonse amakhala kuntchito. Komanso achikulire kapena aliyense amene msana umamuvuta akawerama, kwa iwowa ndi thandizo lenileni bola pakhale wina wowachotsera tsitsi pa burashi nthawi ndi nthawi. Amene muli m'chipinda chimodzi chodzaza katundu, kapena makapeti okhuthala paliponse, kapena timasitepe pa khomo lililonse, sungani ndalama zanu mugule makina abwino ogwira pamanja. Chaja yake imafuna kukhala pa soketi nthawi zonse, pakhoma pomwe pali mpata kutsogolo ndi m'mbali kuti izitha kulowa bwino, nde onani kaye ngati malo oterowo muli nawo. Ndipo musanapite kukagula tengani tepi muyeze mpata wa pansi pa bedi ndi sofa yanu, ukachepera masentimita 10 ya LiDAR yokhala ndi kotukuka kaja nthawi zambiri silowamo, muyang'ane yopyapyala kapena mukweze miyendo ya sofayo pang'ono.