Buku labwino pa gwero la nkhondo yapachiweniweni ya ku America, koma akapolo eniake sakumveka

Nyenyezi 4 mwa 5.

Bukuli ndinagulira mwana wanga wa giredi 8 amene ankangoloweza madeti. Ankadziwa kuti nkhondo inayamba pa 12 Epulo 1861, asilikali akummwera ataombera Fort Sumter, linga la asilikali a boma ku South Carolina, koma ukamufunsa kuti anthu a dziko limodzi anafika bwanji pophana, mawu ankamusowa.

Chimene ndalikondera n'chakuti silipita m'mbali. Likunena mosabisa kuti gwero la nkhondoyi linali ukapolo, ndipo mwana akupatsidwa umboni woti adziwerengere yekha. Muli zidutswa za zikalata zimene zigawo za South Carolina ndi Mississippi zinalemba pofotokoza chifukwa chimene zinkadzipatulira ku United States. Atawerenga, mwana wanga anadzionera yekha kuti "ufulu wa zigawo" umene ena amakonda kutchula unali makamaka ufulu wosunga akapolo.

Mphamvu yeniyeni ya bukuli ili pa mapu. Nkhani ikuyambira pa thonje: makina a Eli Whitney a mu 1793 anafewetsa ntchito yochotsa njere, minda inakula, ndipo pofika 1860 akapolo anali pafupifupi 4 miliyoni. Kenako pakubwera funso limene linkavutitsa dzikolo nthawi zonse likamakula cha kumadzulo: kodi madera atsopano azilola ukapolo kapena ayi? Mwana amajambula yekha mzere umene unagwirizanidwa mu 1820 pa pangano la Missouri Compromise, wolekanitsa madera olola ukapolo ndi osaulola, n'kupaka utoto mbali zonse ziwiri. Patsamba lina amaona lamulo la Kansas-Nebraska la mu 1854 likufafaniza mzere womwewo, anthu n'kuyamba kukhetsana magazi ku Kansas. Akamafika pa mlandu wa Dred Scott, kapolo amene anasuma kuti amasulidwe, mu 1857, pamene Khoti Lalikulu linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika, amakhala akumva kale kuti zinthu zafika posauzana.

Ndayamikiranso mmene lafotokozera za Abraham Lincoln, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti mu 1860. Ana ambiri amaganiza kuti iye anachita kampeni yomasula akapolo onse. Zoona zake n'zakuti mu 1860 ankalonjeza zoletsa ukapolo kufalikira kumadera atsopano, koma ngakhale zimenezo eni akapolo sanazilole. South Carolina inadzipatula pa 20 Disembala 1860, iye asanalumbiritsidwe n'komwe, ndipo pamapeto pake zigawo zodzipatula zinakwana 11.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa chifukwa chimene chikundipweteka mtima. Akapolo akuoneka ngati manambala basi. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo n'kulemba yekha mbiri ya moyo wake, wangopatsidwa kandime kakang'ono, chimodzimodzinso Harriet Tubman, amenenso anathawa ukapolo n'kuthandiza ena kuthawa. Mwana wa msinkhu uwu akhoza kumva ndithu zoti mayi ankagulitsidwa kwina, mwana wake kwina, ndipo ayenera kuzimva kuchokera kwa anthu amene zinawachitikira.

Makolo dziwaninso kuti Chingelezi cha m'zikalata zakalezo n'cholimba, ndipo bukuli silimasulira mawu ovuta mokwanira. Pamasamba amenewo muyenera kukhala naye pansi mwanayo, apo ayi angodumpha gawo lofunika kwambiri. Mayankho a mafunso ali kumapeto, choncho inuyo simukufunika kukhala katswiri wa mbiri kuti muone ngati wakhoza.